Nyimbo, Kompyuta ndi Chona wa Aphunzitsi

Munthu akakula, nyumba imene idali yaphokoso imayamba kukhala zii. Ana amene ankalimbirana mpando wa pafupi ndi wayilesi amapita kukafuna moyo kumatauni, anzake a msinkhu umodzi amatha mmodzimmodzi, ndipo ntchito imene inkamudzutsa m'mamawa imapatsidwa kwa ena. Pa nthawi yotere munthu amafunafuna chomutangwanitsa, pakuti kukhala manja lende kumakalambitsa msanga kuposa zaka. Ena amaweta nkhunda, ena amalima dimba, enanso amadzipereka ku ntchito za mpingo. Nkhani ino ikunena za bambo wina wa ku Chileka, m'boma la Blantyre, amene adaphunzitsa ana m'sukulu za pulayimale kwa zaka zoposa 30. Anthu a m'mudzimo amangowatchula kuti aphunzitsi, ngakhale kuti choko adachisiya kalekale. M'nyumba mwawo muli zinthu zitatu zimene zimadya nthawi yawo kuyambira m'mawa kufikira usiku: nyimbo, kompyuta ndi chona.

Kukonda nyimbo adayamba akadali mnyamata, ndipo izi n'zosadabwitsa pakuti Chileka ndi nkhokwe ya oimba. Kumeneku n'kumene kudachokera Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, amene nyimbo zawo za gitala ndi chitoliro zidakopa katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, mu 1967, mpaka pambuyo pake anyamatawo adakaimba ku Ulaya. Kumeneku n'kwawonso kwa Robert Fumulani, ndiponso kwa Evison Matafale amene adamwalira mu 2001 nasiya gulu la Black Missionaries. Pa masiku a unyamata wa aphunzitsi, nyumba youlutsira mawu m'Malawi idali imodzi yokha, ya MBC, imene idakhazikitsidwa mu 1964. Nyimbo ikadutsa pa wayilesi, idadutsa basi. Wofuna kuimvanso ankayenera kudikira tsiku limene muulutsi adzaikumbukire, kapena kulemba kalata yoipempha ndi kuyembekeza milungu ingapo.

Chimene chidasintha zimenezi ndi kaseti. Kampani ya Philips idatulutsa kaseti mu 1963, koma padapita zaka kuti ifike m'manja mwa anthu wamba a kumudzi. Aphunzitsi adasunga ndalama kwa miyezi yambiri mpaka adagula wayilesi yoimba makaseti ndi kujambula mawu. Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha sankalephera kugula kaseti imodzi. Adasonkhanitsa nyimbo za Alan Namoko, woimba wakhungu wa ku Thyolo amene ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu mpaka imfa yake mu 1995. Adasonkhanitsanso za Paul Banda ndi gulu la Alleluya la ku Balaka, ndi chimbale choyamba cha Lucius Banda, Son of a Poor Man, chimene chidatuluka mu 1994, chaka chomwecho chimene Amalawi adavota pa chisankho cha zipani zambiri. Makaseti amenewa adawayala pa shelefu m'chipinda chochezera, iliyonse ndi dzina lake lolembedwa bwino ndi dzanja la mphunzitsi.

Padalinso makaseti ena 12 amene sadagulidwe m'sitolo iliyonse. Awa adajambula okha m'zaka za m'ma 1980. M'menemo mudali mawu a akazi awo akuimba pamtondo pamodzi ndi azing'ono awo, misi ikugunda motsatizana. Mudali nyimbo zotonthoza mwana, nyimbo za paukwati wa mphwawo, ndi nyimbo zimene amayi a Mvano ankaphunzira pakhonde Lachinayi madzulo. Mayiwo atamwalira, aphunzitsi adachotsa makaseti 12 aja pa shelefu, nawaika m'katoni, naikankhira kunsi kwa bedi. Sadafune kuwataya, komanso mtima sudawalole kuwamvetsera.

Tsono kaseti si chinthu chokhalitsa monga mwala. M'kati mwake muli tepi yopyapyala ngati khoko la anyezi, yopakidwa fumbi lachitsulo limene limasunga mawu mwa mphamvu ya maginito. Tepiyo imayenda masentimita 4.76 pa sekondi iliyonse, kotero kuti kaseti ya mphindi 90 ili ndi tepi yotalika pafupifupi mamita 130. Adani ake ndi ambiri. Kutentha kumaipinda, chinyezi chimaimeretsa nkhungu, ndipo wayilesi yokalamba imatha kuitafuna, mwini wake n'kuyamba kuikulunganso ndi bolopeni. Koma mdani amene adayamba kuvutitsa aphunzitsi adali khoswe. Nyumba yawo ili pafupi ndi nkhokwe, ndipo makoswe akakhuta chimanga ankalowa m'nyumba kukanola mano pa mapepala a makaseti ndi pa nthambo za wayilesi. Misampha idagwira awiri kapena atatu, otsalawo adachenjera.

Umu ndi m'mene chona adalowera m'nyumbamo. Adali kamwana kakuda, ka mawanga oyera pakhosi, kamene mayi wina wogulitsa tomato adawapatsa atakaika m'dengu. Pasadathe miyezi itatu, phokoso la usiku kudenga lidatha. Ubwenzi wa munthu ndi mphaka udayamba motere ndithu kalekale. Anthu atayamba kulima ndi kusunga mbewu kumaiko a ku Middle East zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, mbewa ndi makoswe zidatsata nkhokwe, ndipo amphaka a m'tchire adatsata mbewazo. Mu 2004 akatswiri ofukula zakale adalengeza kuti pa chilumba cha Cyprus adapeza manda a zaka pafupifupi 9,500, m'mene munthu adaikidwa pafupi ndi mphaka. Choncho aphunzitsi sadayambitse chachilendo. Adangochita chimene alimi akhala akuchita kuyambira makedzana.

Komabe si onse m'mudzimo amene adachiona choncho. Kwathu kuno alipo anthu amene amakhulupirira kuti mphaka, makamaka wakuda, ndi chiweto cha afiti. Nkhalamba yokhala yokha, yoweta chona wakuda, yomalankhula naye ngati munthu, idapatsa anthu ena nkhani ya pachitsime. Manong'onong'o otere si nthabwala, chifukwa m'dziko muno okalamba ena amenyedwapo, ena kuphedwa kumene, pongoganiziridwa za ufiti. Aphunzitsi sadakangane ndi munthu. Tsiku limene alangizi a ziweto adabwera kudzabaya agalu katemera wa chiwewe, iwo adanyamula chona wawo m'dengu, dzuwa likuswa mtengo, nakaima pamzere pamodzi ndi anyamata a agalu. Ana a sukulu akamadutsa ankawaitana kuti adzaone makoswe amene chonayo wagwira usiku. Chonayo ataswa, woyamba kudzapempha kamwana adali mmodzi wa amayi omwe aja a pachitsime, pakuti makoswe adali atamuthera mtedza wambewu.

Kompyuta idabwera pambuyo pake. Mwana wawo wamwamuna amene amagwira ntchito ku Lilongwe adagula yakale pamene ofesi ina inkagulitsa katundu wotha ntchito, naitumiza pa basi. Idali ya mtundu wokhazika patebulo, yokhala ndi bokosi lake, sikirini, kiyibodi ndi mausi. Kwa miyezi iwiri idangokhala yofunditsidwa chitenje, aphunzitsi akuopa kuti akaigwira aiwononga. Amene adachotsa chitenjecho ndi mdzukulu wawo wamkazi, amene adabwera kudzakhala nawo pophunzira Fomu 3 pa sukulu yoyendera ya pafupi.

"Agogo, makaseti anuwa tikhoza kuwalowetsa m'kompyutamu," adatero mtsikanayo tsiku lina.

"Iwe mkazi wanga, usandinamize. Kaseti ilowera pati m'bokosi lopanda khomo?" adafunsa motero agogowo, pomutchula monga m'mene agogo amasekera ndi adzukulu awo.

"Kaseti siilowa, agogo. Olowa ndi mawu okha. Mungondigulira nthambo."

Safunsa adadya phula. Bambo amene adaphunzitsa ana mazanamazana kugwira pensulo adakhala pampando ngati mwana wa Sitandade 1, mdzukulu wawo atagwira dzanja lawo pa mausi. Ntchito yake idali yotere. Nthambo imachokera pa kabowo ka mahedifoni ka wayilesi kupita pa kabowo kolandirira mawu ka kompyuta. Pa kompyutapo amatsegula pulogalamu yojambulira mawu yotchedwa Audacity, imene idayamba kupezeka mu 2000 ndipo ndi yaulere. Kaseti ikayamba kuimba, pa sikirini pamaoneka mizere yokwera ndi kutsika ngati mapiri, ndiwo mawu amene kompyuta ikuwasandutsa manambala. Palibe njira yachidule: kaseti ya mphindi 90 imafuna mphindi 90 zathunthu, ndipo magetsi akazima pakati, mbali imeneyo imayambidwanso. Kenaka nyimbo iliyonse imadulidwa payokha ndi kupatsidwa dzina. Ikasungidwa mu mtundu wa MP3, mphindi imodzi imatenga malo okwana pafupifupi megabaiti imodzi, motero kafulashi ka magigabaiti 16, kochepa kuposa chala chachikulu, kamatha kunyamula makaseti oposa 150.

Kuyambira pamenepo tsiku la aphunzitsi lidakhala ndi ndondomeko ngati ya kusukulu. Akamwa tiyi ankapatsa chona chakudya chake, nsima yosakaniza ndi usipa, pamodzi ndi madzi oyera m'kambale. Kenaka ankapukuta kachitsulo kowerenga tepi, kamene amisiri amakatcha hedi, ndi thonje lonyowetsa mu sipiriti. Akatero ankalowetsa kaseti ya tsikulo ndi kukhala chete, cholembera m'manja, akulemba m'kope dzina la nyimbo, woimba ndi chaka chimene adaigula. Chona naye adali ndi ndondomeko yake. Kompyuta ikangoyaka, ankalumphira pamwamba pa bokosi lija, n'kudzipinda, n'kuyamba kuliza kamkonono kake. Aphunzitsi ankanyadira kuti chona wawo amakonda Namoko, koma mdzukulu wawo, amene ankaphunzira sayansi, adawauza chifukwa chenicheni. Thupi la mphaka limatentha madigiri 38 mpaka 39, kuposa la munthu limene limakhala pa 37, ndipo mphaka amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku. Nyama yotere imafunafuna malo ofunda, ndipo m'nyumbamo mudalibe malo ofunda kuposa pamwamba pa kompyuta.

Walira mvula walira matope. Ubweya wa chona unkakokedwa ndi fani ya kompyuta n'kutseka timabowo topumira, mpaka tsiku lina makinawo adatentha nazima okha. Mmisiri wa pamsika atatsegula bokosilo adatulutsamo ubweya ndi fumbi zodzaza dzanja. Tsiku linanso chonayo adayenda pa kiyibodi, phazi lake naliponda pa batani loimitsa kujambula, nyimbo ya Kachamba ili pakati. Aphunzitsi sadammenye. Adaika katoni yoyalamo juzi yakale pawindo pamene dzuwa la m'mawa limafika, ndipo chona adasamukira pamenepo mwa kufuna kwake. Adazindikiranso kuti akakweza kwambiri mawu a wayilesi, chonayo ankapinda makutu n'kutuluka. Khutu la munthu limamva kunjenjemera kwa mawu kofika 20,000 pa sekondi, pamene la mphaka limafika cha m'ma 64,000. N'chifukwa chake amamva kulira kwa mbewa kumene ife sitikumva, ndipo phokoso limene kwa ife ndi chisangalalo kwa iye ndi chizunzo.

Chaka chidatha ntchito ikuyenda bwino, ndipo makaseti a pa shelefu adatsala ochepa. Mdzukulu uja adakumbutsa agogo ake kangapo za katoni ya kunsi kwa bedi.

"Agogo, nanga za agogo aakazi tidzayamba liti?"

"Tiyambe tazolowera pa zinazi. Zijazi n'zosafuna kuphunzirirapo," ankayankha motero, maso ali kumbali.

Yankho limeneli lidali ndi nzeru yake, koma mtsikanayo ankadziwa kuti chenicheni chidali mantha. Kumva mawu a munthu amene udamuika m'manda ndi manja ako si chinthu chapafupi.

M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wotchedwa Freddy adafika m'chigawo cha kumwera kwa Malawi. Namondweyu adakhala masiku 36 kuchokera pamene adabadwira kufupi ndi Australia, ndipo palibe wina wodziwika amene adakhalitsa chotere. Mvula idagwa usana ndi usiku kwa masiku angapo, mapiri adagumuka, ndipo anthu oposa 600 adatsimikizika kuti afa, ena mazanamazana osapezeka. Poyerekeza ndi zimene zidaonekera anthu a ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, za kwa aphunzitsi zidali zazing'ono. Nyumba yawo sidagwe ndipo palibe adavulala. Madzi adangolowa usiku kudzera kunsi kwa chitseko nafika m'akakolo. Mu mdima umenewo agogo ndi mdzukulu adathamangira kukweza kompyuta, matumba a ufa ndi mabuku a sukulu. Chona adadzipulumutsa yekha pokwera pamwamba pa kabati. Katoni ya kunsi kwa bedi idakumbukiridwa kutacha, itafewa ngati phala.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Makaseti a pa shelefu, amene nyimbo zake zambiri zimapezekanso kwa anthu ena ndi ku nyumba zoulutsira mawu, adali ouma ndiponso adali kale m'kompyuta. Amene adanyowa ndi 12 aja, amene padziko lonse lapansi padalibe ena ofanana nawo. Aphunzitsi adakhala tsiku lonse osalankhula, osadya. Mdzukulu wawo ndiye adamasula tizomangira ta kaseti iliyonse, natsuka matope ndi madzi oyera, nayanika matepiwo pamthunzi m'chipinda chopita mphepo, pakuti dzuwa likadawapinda. Adadikira milungu iwiri. Magetsi atabwerera, adayesa yoyamba.

Poyamba padamveka kuwayula ngati kwa mvula. Kenaka udamveka musi, kenaka wachiwiri, ndipo pamwamba pa misiyo padakwera mawu a mayi akutsogolera nyimbo, ena akuvomera. Nyimbo itatha, mawu omwewo adamveka akuseka, akudzudzula mwamuna wawo kuti achotse chiwayilesi chakecho pafupi ndi mtondo chingalowe gaga. Mtsikanayo adali asadamvepo mawu a agogo ake aakazi, pakuti adamwalira iye akuyamwa. Aphunzitsi adavula magalasi nawapukuta nthawi yaitali, kenaka adatenga kope lawo nalemba mayina a amayi onse amene ankaimba, mmodzimmodzi, monga m'mene ankaitanira mayina m'kalasi. Mwa makaseti 12 aja, 7 adapulumuka athunthu, atatu adamveka mbali zina zokha, ndipo awiri adawonongekeratu. Imodzi mwa ziwiri zowonongekazo idali ya nyimbo zotonthoza mwana.

Zitachitika izi aphunzitsi adasintha kasungidwe kawo. Adazindikira kuti kompyuta nayo ndi chiwiya chimene chimafa, kaya ndi madzi, kaya ndi magetsi obwera mwamphamvu, kaya ndi ukalamba chabe. Mawu a akazi awo tsopano ali m'malo atatu: m'kompyuta, m'fulashi imene imakhala m'botolo lotseka bwino pamwamba pa kabati, ndi kwa mwana wawo ku Lilongwe. Ana ndi adzukulu onse adalandira nyimbozo m'mafoni mwawo, ndipo azilamu awo amene akadali moyo adadzimva okha akuimba ali atsikana. Nyimbo za oimba otchuka zokha ndizo amakana kugawa. Anyamata akabwera ndi memori khadi, amawauza kuti nyimbo ndi munda wa woimba, ndipo wokolola m'munda wa mwini popanda chilolezo dzina lake limadziwika. Amawakumbutsanso kuti bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti oimba ndi olemba azidyerera thukuta lawo.

Ntchito ya aphunzitsiyi ndi yaing'ono, koma ili ndi abale ake aakulu. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey adayendayenda m'midzi ya Nyasaland ndi makina ojambulira mawu, ndipo nyimbo zimene adajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene adaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Chifukwa cha ntchito imeneyo, lero munthu akhoza kumva bangwe ndi kalimba monga m'mene ankalirira dziko lino lisadalandire ufulu. Komatu Tracey sadafike m'mudzi uliwonse, ndipo sadajambule mayi aliyense. Zigayo zachuluka, mitondo ikusowa ntchito, ndipo nyimbo za pamtondo zikupita pamodzi ndi amene ankaziimba. Kale wojambula ankafunika galimoto yodzaza makina, koma lero foni ya m'thumba imajambula mawu omveka bwino kuposa wayilesi imene aphunzitsi adaisungira ndalama miyezi yambiri.

Mdzukulu uja adalemba mayeso a Fomu 4 napita kukapitiriza maphunziro, koma agogo ake sasowanso wowagwira dzanja. Masiku ano anthu a m'midzi yoyandikana amabwera ndi makaseti awo a maukwati, a makwaya ndi a mauthenga amene abale ankatumiza ali ku migodi ya ku Joni. Aphunzitsi salipiritsa, amangopempha kuti mwini kaseti akhale pansi, amvetsere, ndi kutchula mayina a onse amene akumveka, kuti alembedwe m'kope. Mlendo aliyense amamufunsa funso limodzi asadayambe: mwa makaseti wabweretsawa, ndi iti imene siingapezeke kwina kulikonse? Imeneyo ndiyo imayamba kulowa m'wayilesi.

Wophunzira amene ali ndi agogo kumudzi angachite bwino kudzifunsa funso lomwelo pa tchuthi chikudzachi. Nyimbo zimene zili m'foni mwake adzazipezanso mawa ngakhale foniyo itatayika. Koma nthano, miyambi ndi nyimbo zimene zili m'mutu mwa agogo ake zili m'kaseti imodzi yokha, ndipo palibe akudziwa tsiku limene madzi adzalowe m'nyumba. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.